Mafunso ndi mayankho: moyo wa m'mudzi wa alimi ndi asodzi m'madera otentha

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa ana asukulu, kwa anthu okulira m'tauni, ndi kwa ena amene atumizidwa kukagwira ntchito kumidzi ya m'mphepete mwa madzi. Ndayamba ndi osavuta. Pamene nkhani yafotokozedwa kale pa funso lina, ndangokulozerani komweko.

Kodi madera otentha ndi ati kwenikweni?

Ndi lamba wa dziko lapansi amene ali pakati pa mizere iwiri ya pamapu, Tropic of Cancer kumpoto ndi Tropic of Capricorn kummwera, uliwonse uli madigiri 23.5 kuchokera pa equator. Muli gawo lalikulu la Africa, kummwera kwa India, maiko monga Indonesia, Philippines ndi Cambodia, zilumba zambiri za Pacific ndi Caribbean, komanso chigwa cha Amazon. Anthu pafupifupi 40 mwa 100 alionse padziko amakhala mmenemu.

Kwa mlimi, kutentha si nkhani yaikulu. Usana ndi usiku sizisiyana kwambiri kutalika chaka chonse, ndipo chimene chimadula chaka ndi mvula. Pafupi ndi equator mvula imagwa nyengo ziwiri kapena pafupifupi miyezi yonse. Mukamatalikira, pamatsala dzinja limodzi ndi chilimwe chachitali.

N'chifukwa chiyani banja limodzi limagwira khasu ndi nkhafi pamodzi? Bwanji osasankha chimodzi?

Mayankho ena onse atsamira pa ili. Munda umalipira mochedwa: ubzala lero, udzadya pakapita miyezi itatu, inayi, mwinanso chaka. Madzi amalipira tsiku lomwelo: wapita usiku, m'mawa uli ndi ndiwo, zotsala wagulitsa n'kupeza ya mchere ndi sopo. Koma madzi salonjeza. Lero bwato ladzaza, mawa ndi mkuja mwabwerako chimanjamanja.

Chachikulu n'chakuti ziwirizi sizifa tsiku limodzi. Mvula ikachuluka n'kumiza minda ya m'chigwa, madzi omwewo amakhala atatsegulira nsomba malo oswanirana m'madambo, ndipo miyezi yotsatira miono imadzaza. Walira mvula walira matope, inde, koma m'matope omwewo ndi mmene mumanenepera milamba. Ng'amba ikagwa, madzi amabwerera m'mbuyo n'kusiya nthaka yachinyontho yoti n'kulimapo.

Nyanja ya Chad ndi umboni. M'zaka za m'ma 1960 inali yaikulu masikweya kilomita pafupifupi 25,000. Chilala cha m'ma 1970 ndi 1980 chinaiphwetsa mpaka kutsala ngati gawo limodzi mwa magawo 10. Asodzi ena anatsatira madzi, ena ambiri anayamba kubzala chimanga ndi khobwe pamene kale ankaponyapo maukonde. Ku Cambodia kusinthaku kumachitika chaka ndi chaka: mtsinje wa Mekong ukadzaza, mtsinje wa Tonle Sap umayenda chobwerera n'kuthira madzi m'nyanja ya Tonle Sap, imene imakula kanayi kapena kuposa. Nyumba zili pansanamira zazitali. Njira imene m'chilimwe ankayendamo panjinga, m'dzinja amapalasamo bwato, ndipo madzi akamaphwa amawokera mpunga m'matope.

Vuto lake, ntchito ziwirizi zimalimbirana manja omwewo. Sabata imene udzu wakula m'munda ikhoza kukhala yomwe nsomba zayandikira kumtunda, ndiye mkangano wa m'banja umayambira pamenepo.

Kodi tsiku la m'mudzi wotere limayenda bwanji?

Palibe wotchi imodzi ya mudzi wonse. Pamene asodzi a usiku akukocheza, alimi akunola makasu. Ntchito ya kumunda imayamba kusanache, chifukwa dzuwa likafika paliwombo khasu limalemera kawiri. Masana anthu amabisala pamthunzi, ndipo mlendo wofika nthawi imeneyi ndi amene amakalengeza kwawo kuti anthu a kumudzi ndi aulesi. Sanawaone 4 koloko m'mawa.

Mukafuna kuumvetsa mudzi wotere, khalani padoko m'bandakucha. Mabwato asanafike n'komwe, azimayi amakhala atandanda kale ndi mabeseni, ndipo amalizindikira bwato la ndani pongoona kapalasidwe. Amadziwanso ngati lapha. Lolemedwa limabwera pang'onopang'ono, madzi akunyambita m'milomo mwake, pamene lopanda kanthu limayandama pamwamba n'kumathamanga. Likangogunda mchenga, ana amalowa m'madzi mpaka m'chiuno kukagwira chingwe, ndipo aliyense amene wakokako amalandira kadzanja ka nsomba. Agogo amene alibe mwana wopita panyanja amangoima chapatali osapempha. Wina amawaponyera ziwiri zitatu m'mbale, osawayang'ana n'kumaso komwe. Zimenezi sizilowa m'kaundula aliyense wa zachuma, koma makomo ambiri amapezera ndiwo momwemo. Likatha ola limodzi, doko lili zii, kwatsala mamba, ntchentche ndi mbalame.

Madzulo ndi a kusoka maukonde, kuthirira dimba, kutunga madzi ndi kuyang'ana kumwamba.

Ndimamva kuti asodzi amayendera mwezi. N'zoona kapena n'zikhulupiriro chabe?

N'zoona, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Nsomba zing'onozing'ono zoyenda m'magulu zimakopeka ndi kuwala. Usiku wamdima asodzi amayatsa nyali pabwato, tizilombo ta m'madzi timasonkhana, nsomba n'kutitsatira, ukonde n'kuzizungulira. Mwezi ukawala mbee, madzi onse awala, nyali ilibenso mphamvu. Choncho mwezi ndi mwezi pamakhala masiku angapo amene asodzi a nyali amapuma, ndipo ndi pamene amaoneka kumunda. Usodzi wotere ulipo panyanja ya Tanganyika, ya Victoria, ku Philippines, ku Indonesia ndi kwina kwambiri.

Kunyanja yamchere mwezi umachita zoposa pamenepa, chifukwa umakoka madzi enieniwo. M'malo ambiri madzi amadzaza kawiri n'kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu, madzi amaphwa mpaka kutali, miyala ndi matope zili poyera. Amenewo ndi masiku otola nkhono ndi nkhanu, monga ndafotokozera m'munsimu pa funso la azimayi.

Amalima mbewu zanji?

Zimatengera pamene madzi amafika. M'munsi monyowa ndi mwa mpunga. Pamtunda pouma pamapita chimanga, mapira, mtedza ndi nyemba. Pakhomo pamakhala nthochi, mbatata, mango, ndipo kunyanja yamchere mitengo ya kokonati. Zambiri mwa mbewu zimene anthu amaziyesa za makolo awo n'zobwera: chimanga kwawo ndi ku Mexico, chinangwa ndi ku South America, ndipo zinafalikira ku Africa ndi ku Asia pa zombo za Apwitikizi ndi anzawo kuyambira m'zaka za m'ma 1500.

Chinangwa ndicho bwenzi la msodzi. Chimamera m'mchenga mmene chimanga chimakana, chimapirira ng'amba, ndipo sichikuitana tsiku lokolola: chikhoza kukhala pansi mpaka zaka ziwiri, nthaka ili nkhokwe. Koma chili ndi misampha. Ukachikumba, chimayamba kuda pakangopita masiku awiri atatu. Chowawa chija chili ndi poizoni wa cyanide, amene amachoka pochiviika, kuchisasitsa ndi kuchiyanika bwinobwino. Nthawi ya chilala kapena nkhondo anthu akamadula njira imeneyi, pamabuka matenda opuwalitsa miyendo otchedwa konzo, monga zinachitikira ku Congo ndi kumpoto kwa Mozambique. Thupi limafuna zakudya zomanga thupi kuti lichotse poizoniyu, ndipo chinangwa chilibe zambiri. Apanso nsomba ikuombola munda.

Pa mpunga, kusintha kwakukulu kunabwera mu 1966, pamene bungwe lofufuza za mpunga la IRRI la ku Los Baños, ku Philippines, linatulutsa mtundu wa IR8, waufupi koma wobereka kwambiri ukapatsidwa feteleza ndi madzi okwanira. Njala inachepa ku Asia, sitingakane. Koma mankhwala ophera tizilombo amene anabwera limodzi ndi ulimi watsopanowu anaphanso nsomba, achule ndi nkhanu zimene osauka ankatola kwaulere m'minda ya mpunga.

Malo ake ndi obiriwira chonchi. Nanga bwanji zokolola zimakhala zochepa?

Kubiriwira kumanyenga. M'nkhalango ya kotentha, chonde chambiri chili m'mitengo ndi m'masamba ogwa, osati m'dothi. Kutentha ndi chinyezi zimawoletsa masamba mofulumira, mizu n'kuyamwa nthawi yomweyo. Mukadula mitengo n'kutentha, phulusa limakupatsani zokolola zabwino zaka ziwiri kapena zitatu, kenako mvula yamphamvu imatsukira chonde pansi pamene mizu sifika. Makolo ankachidziwa chimenechi, n'chifukwa chake ankasiya munda kuti ugone zaka 10 kapena 20. Anthu atachuluka, munda wasowa tulo.

Si paliponse. Dothi la mapiri ophulika monga la pachilumba cha Java, ndi matope amene mitsinje ya Mekong ndi Ganges imatsira chaka ndi chaka, zimadyetsa anthu ochuluka zedi. Ku Amazon kuli dothi lakuda lotchedwa terra preta, limene anthu akale anapanga pothira makala, mafupa ndi zinyalala, ndipo lidakali lachonde mpaka lero. Kwa mlimi wamba, zothandiza n'zodziwika kale: manyowa, kuphimbira nthaka, kusakaniza chimanga ndi mbewu za mtundu wa nyemba, mizere yopingasa phiri.

Musaiwale kumene dothi lokokoloka limapita. Limakathera m'madzi, n'kukwirira malo amene nsomba zimaikira mazira. Amene walima mpaka m'mphepete mwa mtsinje wadzibera yekha ndiwo.

Amasodza ndi zida zanji?

Mbedza ndi nyambo, miono yolukidwa, mkondo, ukonde woponya, ukonde wotchera usiku wonse, ndi khoka limene limakokedwa ndi gulu kuchokera kumtunda. Bwato logoba pamtengo umodzi lidakalipo paliponse. Ku Pacific ndi ku Indian Ocean amalimangirira mtengo woyandama m'mbali kuti lisagubuduke m'mafunde.

Zinthu ziwiri zinasintha usodzi wa m'midzi kuyambira m'ma 1950 ndi 1960: ukonde wa nayiloni ndi injini yomangirira kumbuyo kwa boti. Ukonde wa thonje unkawola, unkafuna kuyanikidwa ndi kusokedwa pafupipafupi, motero nsomba zinkapumako. Wa nayiloni suwola, ndipo ukaduka n'kumira umapitiriza kupha nsomba zimene palibe adzadye. Injini imafikitsa kutali, koma msodzi amanyamuka ali kale ndi ngongole ya mafuta.

Nsomba zikagwidwa, amagawana bwanji?

Kawirikawiri ogwira ntchito m'bwato salandira malipiro a pamwezi, amalandira gawo. M'malo ambiri amayamba achotsa zolowa, monga mafuta ndi nyali, kenako mwini bwato ndi ukonde amatenga gawo lake, limene nthawi zambiri limakhala cha m'ma theka, ndipo otsalawo amagawana chotsalacho. Woyang'anira ulendo, amene amadziwa kumene nsomba zili, amapatsidwa koposa anzake. Aliyense amatapanso ya ndiwo asanayambe kuwerenga.

Ubwino wake, aliyense amakoka ndi mtima wonse. Kuipa kwake kumaoneka usiku umene mwapha zochepa: mafuta amalipidwa ndithu, ndipo amene wagona panyanja akhoza kupita kunyumba ndi ya ndiwo yokha.

Kodi azimayi amasodza?

Amasodza, koma owerengera anthu ankawadumpha chifukwa ankangowerenga mabwato. Kafukufuku wamkulu amene bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi la FAO ndi anzake anatulutsa mu 2023 anapeza kuti usodzi waung'ono umapereka pafupifupi 40 peresenti ya nsomba zogwidwa padziko lonse, ndipo mwa anthu 10 alionse ogwira ntchitoyi, 4 ndi azimayi. Iwo amavuula nsomba ndi madengu m'madambo, amatola nkhono ndi nkhanu madzi akaphwa, ndipo zimene amapeza n'zimene zimalowa mumphika tsiku limene mabwato abwerako opanda kanthu. Ku Zanzibar, kuyambira mu 1989, azimayi ambiri amalima ndere za m'nyanja zogulitsa kunja, pa zingwe zomangidwa pazikhomo m'madzi osaya.

Nsomba ikafika kumtunda, ntchito yambiri imagwera iwo: kutumbula, kuyanika, kuwamba, kupita nayo kumsika. Ku Ghana ndi ku Senegal kuli azimayi amalonda amene amagulira asodzi mafuta ndi maukonde, ena ali ndi mabwato awoawo. Kuwonjezera pamenepa pali munda, nkhuni, madzi ndi ana. Ndikafunsidwa kuti ndani amagona mochepa m'mudzi wotere, sindichedwa kuyankha.

Ngati nsomba zimapezeka chonchi, bwanji asodzi salemera?

Chifukwa nsomba ilibe mawa. Kotentha, nsomba yaiwisi yopanda ayezi imayamba kununkha pakangopita maola ochepa. Wogula amadziwa zimenezi, ndipo amatha kudikira, pamene msodzi sangathe. Tsiku limene mabwato onse apha kwambiri ndi limenenso mtengo umagwa pansi. Dzinja limawonjezera: dzuwa loyanikira kulibe, msewu wa kumsika wasanduka phala, mphutsi zalowa m'mulu.

Njira zosungira n'zitatu zakalekale: dzuwa, mchere ndi utsi. Zing'onozing'ono amayanika, ndipo thandala lokwera limaposa mchenga chifukwa mphepo imadutsa pansi, nsomba sizikhala ndi dothi. Zikuluzikulu amawamba. Mu 1969, ku Chorkor, dera la asodzi mumzinda wa Accra, akatswiri pamodzi ndi azimayi owamba nsomba anakonza ng'anjo yokhala ndi mathileyi a waya osanjikizana, imene imawamba zambiri ndi nkhuni zochepa, ndipo inafalikira maiko ambiri. Komabe utsi ndi utsi. Mayi amene wawamba nsomba zaka 20 mumamudziwa ndi maso ofiira ndi chifuwa.

Kenako pali ngongole. Injini ikafa, banki ili kutali ndipo imafuna chikole. Amene amabwereketsa ndi wogula nsomba yemwe uja, pa pangano lakuti uzigulitsa kwa iye yekha, pa mtengo umene iye wanena. Sindingamutche mbava nthawi zonse, pakuti mwana akadwala usiku ndi iye amene amatulutsa ndalama. Koma ndi chingwe ndithu. Magulu a banki mkhonde, amene bungwe la CARE linayamba kulimbikitsa ku Niger mu 1991, amachimasulako pang'ono.

Foni yathandizanso. Katswiri wa zachuma Robert Jensen anatsatira asodzi a ku Kerala, ku India, pamene mafoni a m'manja ankafika kumeneko pakati pa 1997 ndi 2001. Asodzi anayamba kuimba akadali panyanja, kufunsa doko limene kuli ogula. Kutaya nsomba zosagulidwa kunatheratu, phindu lawo linakwera ndi 8 peresenti, ndipo mtengo kwa odya unatsika ndi 4 peresenti.

Kodi kumakhala njala?

Kumakhala, ndipo imadziwika mwezi wake. Imabwera nkhokwe ya chaka chatha itatha, mbewu zatsopano zisanache, dziko lili lobiriwira, ntchito ya kumunda ili pachimake. Osauka amasiya minda yawo kukagwira ganyu m'minda ya ena kuti adye lero, kupalira kwawo n'kuchedwa, chaka chamawa njala n'kubweranso.

Gawo lina la njalayi limayambira m'nkhokwe momwemo. Anankafumbwe amasandutsa chimanga fumbi, ndipo mtundu wina woopsa wochokera ku Central America unafika ku Tanzania chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 n'kufalikira. Mbewu zosauma bwino zimachita chuku, ndipo chuku china chimatulutsa poizoni wa aflatoxin wowononga chiwindi. Matumba osalowa mpweya amapha tizilombo popanda mankhwala, bola mbewu zilowemo zitauma gwaa. Kumunda nako, mbozi ya fall armyworm yochokera ku America inaoneka ku West Africa mu 2016, pofika 2018 inali ku India.

Mudzi wa m'mphepete mwa madzi umapirira kuposa wa kumtunda, pa zifukwa zimene ndanena pa funso la khasu ndi nkhafi. Chaka choopsa ndi chimene zonse ziwiri zakana pamodzi.

Kodi nsomba zikutha? Nanga madzi ali ndi mwini?

M'malo ambiri asodzi akupita kutali kuposa makolo awo, n'kubwerako ndi nsomba zing'onozing'ono. Zifukwa zake zilipo zingapo: mabwato achuluka, maukonde a maso ang'onoang'ono akukokolola ndi ana omwe, ena akusodzera masikito otetezera udzudzu, ena akuphulitsa mabomba pamiyala ya m'nyanja, ndipo zombo zikuluzikulu zikulowa usiku m'madzi a osauka. Mitengo ya mangrove, yomera m'matope a m'mphepete mwa nyanja yamchere, imene mizu yake ndi chikuta cha nsomba, yadulidwa kuti pakhale maiwe oweteramo nkhanu zogulitsa kunja. Nthawi zina cholakwa chimachokera m'ofesi: nsomba yolusa ya Nile perch inaikidwa m'nyanja ya Victoria m'ma 1950, pofika m'ma 1980 inali itachuluka n'kumeza mitundu yambirimbiri ya nsomba za m'menemo. Mafakitale anapeza yotumiza ku Ulaya, koma bwato laling'ono linayenera kuphunzira usodzi wina.

Pa za umwini, pali bodza lofala lakuti chinthu cha onse chilibe wochisamala. Elinor Ostrom, mayi woyamba kulandira mphotho ya Nobel pa zachuma mu 2009, anasonyeza kuti midzi yambiri yasunga madzi, nkhalango ndi msipu kwa mibadwo, pamene malire ali odziwika, ogwiritsa ntchito akupanga nawo malamulo, pali owayang'anira, ndipo chilango chikuyamba chaching'ono n'kumakula. Ku Maluku, ku Indonesia, kuli mwambo wa sasi wotseka malo kwa nyengo. Ku Fiji amaika tabu, chiletso chosodza pamalo ena. Kumudzi wa Andavadoaka, ku Madagascar, mu 2004 anthu anatseka kwa miyezi ingapo malo amodzi ogwirako octopus, nyama ya m'nyanja ya miyendo 8 imene imakula msanga. Atatsegula anagwira zikuluzikulu, midzi yoyandikana n'kuyamba kutengera.

Kuona kwanga, lamulo lotseka usodzi limagwira pamene anthu ali ndi chakudya china nthawi yotsekayo. Mukatseka nyanja mwezi umene nkhokwe zili mbee, mwangosamutsira usodzi ku usiku.

Ndi matenda ati amene amavuta kwambiri?

Malungo ndi oyamba. Ronald Ross anatsimikiza mu 1897, ali ku India, kuti amafala ndi udzudzu, ndipo udzudzu umaswana m'zithaphwi, m'minda ya mpunga, ngakhale m'bwato losiyidwa ndi madzi a mvula. Msodzi wa usiku sagona m'masikito, ndipo ngati masikitowo apita kokasodzera, ana nawo sagonamo. Mu 2021 bungwe la WHO linavomereza katemera woyamba wa malungo wa ana.

Likodzo ndi la m'madzi opanda mchere okha. Theodor Bilharz anaziona nyongolotsi zake ku Cairo mu 1851. Mazira amatuluka m'mkodzo kapena m'chimbudzi cha wodwala, amaswa m'madzi, tizilombo timalowa m'nkhono, n'kutulukamo tokhoza kuboola khungu la amene akusamba, kuchapa kapena kukoka khoka. Mankhwala a praziquantel amapha nyongolotsizo koma saletsa kutenganso. Kuuza msodzi kuti asamalowe m'madzi n'kutaya malovu. Chothandiza ndi zimbudzi, mijigo, ndi kumwa mankhwala mudzi wonse nthawi ndi nthawi.

Kolera ndi kutsegula m'mimba zimabwera ndi madzi osefukira komanso misasa ya asodzi yopanda zimbudzi. Chopha ndi kutha kwa madzi m'thupi. Ngati paketi ya ORS palibe, sungunulani masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino, wodwala azimwa muli pa ulendo wa kuchipatala.

Edzi nayo yakantha madoko kuposa midzi ya kumtunda. Ku Uganda odwala oyamba anadziwika mu 1982 kumudzi wa asodzi wa Kasensero. Ndalama za tsiku, amuna okhala miyezi kutali ndi kwawo, ndi azimayi okakamizika kugona ndi asodzi kuti agulitsidwe nsomba zikasowa, zonsezi zimakumana pamchenga umodzi.

Nanga ngozi za madzi ndi anamondwe?

Asodzi ambiri sadziwa kusambira bwino, ndipo zovala zoyandamitsa amaziona ngati za alendo. Bwato laling'ono, mphepo yadzidzidzi, mdima, mowa pang'ono, zakwana. M'mitsinje muli ng'ona, ku Africa mulinso mvuu. Ana ndiwo amapita mwakachetechete: ku Bangladesh kumira m'madzi ndi kumene kumapha kwambiri ana a zaka 1 mpaka 4, kawirikawiri padziwe la pafupi ndi nyumba, mayi ali pa ntchito.

Pa anamondwe, chenjezo limapulumutsa kuposa khoma. Namondwe wa Bhola mu November 1970 anapha anthu osachepera 300,000 m'dera limene lero ndi Bangladesh. Dzikolo litamanga nyumba zothawirako zokwera n'kuphunzitsa anthu ongodzipereka oyenda ndi zimkuzamawu m'midzi, namondwe wamphamvu wa Sidr mu 2007 anapha pafupifupi 3,500 malinga ndi boma. Pa 26 December 2004, mafunde a tsunami anapha anthu pafupifupi 230,000 kuzungulira Indian Ocean, koma pachilumba cha Simeulue, pafupi kwambiri ndi pamene chivomerezi chinayambira, anafa osakwana 10. Anthu a kumeneko ankasimbirana za mafunde a mu 1907, amene amawatcha smong: nthaka ikagwedezeka, nyanja n'kuphwa mwadzidzidzi, usatole nsomba, thawira kuphiri.

Kodi ana amapita kusukulu? Achinyamata amakhalabe kumudzi?

Sukulu ya pulayimale imapezeka m'midzi yambiri tsopano, sekondale ndiyo imakhala kutali. Mpikisano wake ndi doko. Mnyamata wa zaka 13 amene wakoka khoka m'mawa ali ndi ndalama m'thumba, pamene mnzake wa m'kalasi alibe, ndipo n'kovuta kumuuza za phindu la zaka 10 zikubwerazo. Atsikana amasiyira panjira chifukwa cha ntchito za pakhomo, mimba ndi maukwati.

Ambiri amachoka, kupita kutauni, kuminda ikuluikulu kapena kuzombo. Sikuti amadula mchombo. Ndalama zimene amatumiza pafoni, njira imene inatchuka ndi M-Pesa ku Kenya mu 2007, ndizo zimagula malata, sola ndi injini. Kunena zoona, mabanja ambiri lero aima ndi miyendo itatu: munda, madzi, ndi mwana amene ali kutauni.

Ndikupita kukakhala kapena kukagwira ntchito kumudzi wotere. Ndichite chiyani?

Yambani mwaonekera kwa akuluakulu a mudzi, ndipo dziwani kuti padoko pamakhala mkulu wakewake amene mawu ake amamveka kuposa a wina aliyense pa nkhani za madzi. Funsani malo osambira amuna ndi a akazi musanavule malaya. Ukonde woyalidwa pamchenga muziulambalala, musaudumphe, pakuti m'malo ambiri zimenezi zimakwiyitsa. Malo amene akuoneka ngati tchire ali ndi mwini, ngakhale palibe pepala. Gonani m'masikito, wiritsani madzi akumwa, ndipo ngati mwakhala mukulowa m'madzi opanda mchere, kayezetseni likodzo pakapita miyezi iwiri kapena itatu.

Ngati muli ndi msonkhano woti muchititse, musauike m'mawa nthawi yokocheza mabwato, kapena sabata yoyamba ya mvula. Yang'anani mwezi: masiku amene uli wathunthu, asodzi a nyali ali pakhomo, koma kunyanja yamchere azimayi amakhala ali kotola nkhono, ndiye afunseni okha ola lowakomera. Mukakwera bwato logoba, khalani pansi, pakati, pamene mwiniwake wakulozerani, ndipo chikho chokapira madzi akakupatsani, kapani.